Kalata kwa mabwana oyang'anira mzinda wa Zomba: mbawa zathu zikubanika pansi

Mabwana,

Ndiyambe ndi kupepesa, ine si wolemba makalata, ntchito yanga ndi ya matayala. Kumata machubu, kupopa, kusintha mavalavu, basi. Ndakhala pa geni imeneyi zaka zoposa 20 pansi pa mtengo umodzi wa mbawa m'mbali mwa msewu konkuno ku Zomba, nde ngati pali munthu amene angakuuzeni kuti mtengo umenewu ukudwala ndi ineyo, chifukwa ndimakhala nawo kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka mdima, kuposa mmene ndimakhalira ndi mayi a kunyumba.

Nditangofika pamalopa, 12 koloko masana sumaona dzuwa olo pang'ono. Kasitomala ankatha kugona pa benchi kudikira tayala lake mpaka kuchita kumudzutsa. Pano mukayang'ana kumwamba mukuona thambo, kunsonga kwauma, masamba akumatuluka ang'onoang'ono komanso otuwa, ndipo chaka chatha nthambi yaikulu ngati ntchafu yanga inathyoka kopanda mphepo nkugwera pa boneti ya galimoto ya kasitomala. Mwamwayi mwini wake anali atapita kukagula mayunitsi. Ndalama yokonzetsa ndinalipira ine, sinanga galimotoyo inali m'manja mwanga.

Anthu anayankhula zambiri. Ena ati wakalamba basi udulidwe, ena ati ndi chiswe, ena ati pali wina anauthira mankhwala usiku kuti alande malo, mukudziwa kale mmene timayankhulira. Ine ndinali mbali ya a chiswe mpaka pamene mphwanga, mwana wa achemwali anga amene anaphunzira za nkhalango ku Chongoni ku Dedza, anabwera kudzacheza. Sanayang'ane nkumwamba komwe. Anangoti malume ndibwerekeni chitsulo, ndinamupatsa kachidutswa ka chitsulo chomangira nyumba chija, nde anachibaya pansi nkuchitsamira ndi thupi lonse. Mvula inali itagwa dzulo lake koma chitsulo chinangolowa ngati chala chimodzi, kenako gwa, ngati wabaya pa simenti. Anayesa kwina, chimodzimodzi. Kenako anatenga chitini cha mkaka chodula mbali zonse, nkuchikhomera pansi pang'ono, nkuthiramo madzi. Ndinamata tayala lonse la njinga ya kabaza, kupopa, kulandira ndalama, kubwerera madzi aja ali pompo. Madzulo ake tili kumudzi anandikokera m'mphepete mwa manda, kunja kwake tu osati mkati, pamene pali mitengo yoti sipaponda galimoto ndipo masamba sasesa, chitsulo chomwe chija chinalowa mpaka cha m'bondo ndi dzanja limodzi.

Anati malume mtengo wanu sukudwala kumwamba, ukubanika pansi.

Mmene anandifotokozera ndi mmene ndawerengera pa foni pambuyo pake, nkhani yake ili chonchi. Dothi labwino si dothi lokhalokha, pafupifupi theka lake ndi timipata momwe mumakhala mpweya ndi madzi. Mizu imapuma ngati ife tomwe, imafuna okosijeni. Ndipo ine ndinkaganiza kuti mtengo waukulu ngati mbawa mizu yake imalowa pansi kwambiri ngati mjigo, ayi ndithu, mizu yambiri imene imamwa madzi ndi chakudya ili pamwamba pompa, mkati mwa masentimita 60 oyamba, ndipo imayanza kutali kupitirira pamene pathera nthambi, nthawi zina kawiri kapena katatu. Ndiye kuti pamene timaimika magalimoto kuti akhale pa mthunzi, timawaimika pamphuno penipeni pa mtengowo. Tayala likaponda, makamaka dothi likakhala lonyowa, timipata tija timatsekeka, ndipo akuti kuwononga kwakukulu kumachitika maulendo oyambirira omwewo, sikuti mpaka lole idutse ka 100. Madzi akabwera salowa amangothamanga pamwamba, mpweya sulowa, timizu tating'ono timafa, kenako mizu ikuluikulu imayamba kuwola. Choipa chake mtengo sufa lero lomwelo, umatenga zaka, nde pamene ukuuma aliyense waiwala kale kuti pamalopo panaimikidwa chani.

Alimi zimenezi amazidziwa kale. Munda umene mwakhala mukuunga mizere ndi khasu zaka ndi zaka umakhala ndi dothi lolimba pansi pa mizere, mpaka muzu wa chimanga umakhota. Nchifukwa chake a bungwe la zaulimi la Tiyeni aku Mzuzu aja amaphunzitsa kuswa pansi ndi piki mpaka masentimita 30 musanapange mabedi. Koma pansi pa mtengo piki simungamenye, mudula mizu yomwe mukufuna kupulumutsayo. Apa mpamene pakubwera nkhani yofewetsa dothi ndi mpweya wa kompulesa.

Koma ndisanafike kumeneko ndivomere kaye mlandu wanga, kuopa mungati ndikuloza ena chala. Woyamba kuupha mtengowu ndine. Zaka 20 magalimoto akuima pamizu yake, jeke ndimaika pompo, oyilo wakuda amatayikira pompo. M'mawa uliwonse mnyamata wanga amasesa mpaka pansi kuchita kuwala, tsamba olo limodzi osatsala, nkuunjika zinyalala patsinde nkuyatsa moto. Ife a Malawi kusesa timakutenga ngati ukhondo, pakhomo posasesa timati mpauve, koma masamba amenewo ndiye nsima ya mtengowo, ndi amene amaitana nyongolotsi zoboola dothi. Ndipo si ine ndekha, tayendani muone, pamene pali mthunzi mtauni muno pali geni: a kabaza, a chiwaya, otsuka magalimoto, ma minibasi odikira nthawi yawo, amayi a nthochi ndi ma sitirobere ochokera kuphiri. Palibe amene ali ndi mtima woipa, tonse tikuthawa dzuwa.

Koma chimene chinamaliza mbawa yanga ndi kontirakitala wina amene anabwera kudzakonza ngalande zaka zingapo zapitazo. Dzina sinditchula. Anaona mthunzi nkupanga pamenepo pa siteshoni pake, mchenga, kwale, matumba a simenti, malole odzadza kulowa ndi kutuluka miyezi itatu nthawi ya mvula. Pokumba ngalandeyo anapeza mizu, anyamata ake anangoitema ndi nkhwangwa, ina yaikulu ngati mwendo wa munthu, ndinaiona ndi maso angawa itaponyedwa pambali ikutuluka madzi ofiira. Nditafunsa kapitawo wake anandiyankha kuti mdala mtengo sitinaukhudze, si uwu uli chilili? Ndipo zoona unali chilili. Unayamba kuuma patapita zaka zitatu, iye atalandira kale cheke chake.

Tsono za mpweya. Mphwanga uja anandionetsa ma vidiyo pa YouTube a mmene anzathu ku Ulaya ndi ku America amachitira ndi mitengo ya m'matauni imene dothi lake lagogomezeka, ndipo ine monga munthu wa kompulesa ndinachita kuimika ntchito. Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba amakhoma paipi yachitsulo pansi, ina imafika mpaka mita imodzi, kenako amatsegula mpweya wamphamvu kamodzi nkamodzi, phuu, mumachita kuona nthaka ikudzuka pang'ono ngati munthu wapuma. Mpweya uja umang'amba dothi mkati nkupanga ming'alu, ndipo makina ena amapoperamo zinthu zoti ming'aluyo isatsekeke msanga komanso chakudya cha mtengo. Amabaya malo ambirimbiri kuzungulira mtengo wonse. Pali makina otchedwa Terravent amene amagwiritsa ntchito nayitirojeni wa m'silinda, pali Terralift imene amagwiritsa ntchito ku England, palinso a kampani ya Vogt ya ku Germany, amenewa ndi a mpweya wamba wa kompulesa. Wina asachite mantha ndi nayitirojeni, si poizoni, mpweya umene tikupumawu magawo 78 pa 100 ndi iyeyo, ndipo anzathu ena amapopera matayala.

Njira yachiwiri ndi imene inandisangalatsa kwambiri. Ndi chida chonga mfuti yaitali chotchedwa Air-Spade, chimalumikizidwa ku kompulesa, pulesha yake 90, pamene tayala la galimoto yaing'ono timapopa 30 kapena 32. Kukamwa kwake anakupanga mwaukadaulo moti mpweya umatuluka pa liwiro loposa la phokoso kawiri. Ukalozetsa pansi mpweya uja umalowa m'timipata ta dothi nkulimwaza, koma muzu, paipi ya madzi kapena waya wamagetsi sizing'ambika chifukwa zilibe timipata toterowo. Mu vidiyomo munthu amafukula dothi lonse mizu nkutsala poyera ili bwinobwino ngati zala, kenako amasakaniza dothi lofewalo ndi manyowa, kubwezeretsa, nkuphimbira pamwamba ndi zinyalala za mitengo.

Ine kupusa kwanga ndinati aaa izi nzosavuta, kompulesa ndili nayo. Mnzanga wowotcherera anandipangira paipi yosongoka yoboola m'mbali, tinaikhoma ndi hamala mpaka manja kutupa, ndinadzadza thanki mpaka geji kufika 120 nkutsegula. Mabwana, mpweya sunapite kumbali ayi, unabwerera mmwamba motsatira paipi yomweyo, matope ndi timiyala kumaso konse, diso linatupa masiku awiri, a kabaza anaseka mpaka ena kugwa pa njinga. Thanki inatha mpweya nthawi yomweyo. Ndinaphunzirapo kuti nkhani si pulesha yokha koma kuchuluka kwa mpweya umene ukutuluka, chida chija chimafuna ma kiyubiki mita pafupifupi 4 pa mphindi iliyonse osalekeza, kutanthauza kompulesa zikuluzikulu zokoka ndi galimoto zija, zimene amaswera tala pokonza msewu. Okumba mijigo ali ndi zazikulu kuposa pamenepo. Ndiye kompulesa m'dziko muno zilipo, chosowa ndi chida chakutsogoloko ndi munthu wodziwa. Anzanga a matayala musayesere zanga zija, mpweya umachotsa diso.

Pano ndinene chinthu chimene ndikufuna mumve kwambiri, chifukwa ndikudziwa kuti nkhani ikangoti makina ochokera kunja ena maso amayera. Akatswiri a mitengo ku America anaziyesa njira zimenezi, ndipo njira yobaya paipi ija sinachite bwino mmene otsatsa malonda amanenera. Ming'alu imapangika inde, koma dothi la pakati pa ming'aluyo limakhalabe lolimba, ndipo pa kuyesa kwina mizu sinakule mosiyana ndi mitengo imene sanaichite kanthu. Imene inaonetsa phindu looneka ndi yofukula ndi mpweya ija, kuthira manyowa ndi kuphimbira, ndipo mbali yaikulu ya phindulo inachokera ku kuphimbirako, chinthu choti sichifuna dola olo imodzi. Komanso olo mutaphulitsa mpweya wochuluka bwanji, mawa lole ikaimanso pompo mwangotaya dizilo. Zili ngati kupopa tayala osachotsa msomali, ine zimenezo ndimazidziwa, kasitomala amabweranso madzulo ali wolusa.

Nde chonde musathamangire kugula makina, kapena kuyamba ndi msonkhano wa masiku atatu kunyanja wokambirana za dothi la ku Zomba. Yambani ndi kuyenda wapansi. Tengani chitsulo ngati cha mphwanga chija muyende kuchokera ku depoti, kumsika, msewu wa ku Blantyre, wa ku Liwonde, mukwere cha ku Masongola, mutsike ku Chirunga, mufike ku Chinamwali, Matawale, Sadzi, Mpondabwino, muwerenge mitengo ikuluikulu imene yatsala ndipo mulembe kuti uwu uli bwino, uwu wayamba kuuma kunsonga, uwu ndi woopsa ugwera anthu. Anthu odziwa simuchita kuwaitanitsa kutali, mzinda uno ndi umene uli ndi likulu la kafukufuku wa nkhalango la FRIM, muli akatswiri a zomera a National Herbarium and Botanic Gardens, muli University of Malawi yodzadza ndi ana ofuna mitu ya kafukufuku. Pali mzinda wina m'Malawi muno umene uli ndi mwayi ngati umenewu?

Ku Britain ali ndi malangizo a omanga otchedwa BS 5837, amati muyeze kunenepa kwa thunthu kuchokera mbali ina kufika mbali inzake pa msinkhu wa mita imodzi ndi theka, muchulukitse ka 12, mtunda umenewo kuzungulira mtengo ndi malo a mizu, osaimikapo galimoto, osaunjikapo katundu, osakumbapo chisawawa. Mbawa yanga thunthu lake ndi pafupifupi mita imodzi, ndiye kuti mamita 12 mbali zonse. Ndikudziwa mukuseka, mtauni muno mamita 12 ndiye kuti mwatseka msewu ndi mashopu atatu. Chabwino, tipatseni olo atatu kapena anayi. Ndipo kutchinga kwake sikufuna mpanda wa waya woti ubedwa sabata yomweyo, miyala ikuluikulu ilipo yambiri m'phirimu, zipika zilipo, matayala akutha ine ndili nawo mulu ndipo ndipereka ulele, kungowakwirira theka nkupaka laimu galimoto silowa. Mkati mwakemo muthire zophimbira zokhuthala masentimita 5 mpaka 10: masamba omwe timasesa aja, utuchi ndi makungwa za kwa ocheka matabwa, mankhusu a mpunga amene amangotenthedwa kuzigayo, manyowa a zinyalala za kumsika zikawola bwino. Kungoti zisagunde thunthu, musiye mpata ngati chikhatho, apo ayi khungwa limawola ndipo chiswe chimapeza njira.

Za mpweyazo sindikuti muzitaye, ayi. Pali mitengo ina dothi lake lafika poti kuphimbira kokha kutenga zaka zambiri mtengo usanamve, ngati wangawu. Imeneyo yesani. Sankhani mitengo yochepa yofanana, ina muifukule ndi mpweya nkuthira manyowa nkuphimbira, ina mungophimbira, ina muisiye mmene ilili koma yonse muitchinge, kenako ana asukulu aja aziyeza chaka ndi chaka kuti madzi akulowa bwanji, masamba akubwera bwanji. Pakatha zaka ziwiri zitatu mudzadziwa zoona zake pa dothi lathu lino osati la ku America. Chida chimodzi nchokwanira poyamba, kompulesa mubwereke ya tsiku. Nthawi yabwino ndi pamene dothi lili lachinyezi koma osati matope, cha mu Epulo kapena Meyi mvula ikangosiya, chifukwa mu Okutobala dothi limakhala ngati njerwa yootcha ndipo fumbi lake mungathamangitse tauni yonse. Mizu ikafukulidwa isakhale padzuwa, ikwiriridwe tsiku lomwelo nkuthirira. Ndipo ogwira ntchitoyo muwapatse magalasi a kumaso ndi zotseka m'makutu, funsani diso langa.

China ndi cha makontirakitala. Pepala limene mumasainirana nawo muzilembamo za mitengo, kuti katundu asaunjike pansi pa mtengo, akapeza muzu waukulu pokumba adutse pansi pake ndi manja kapena aitane wa zankhalango, ndipo ndalama ina muziigwira kaye. Mukangolemba kuti asadule mtengo, adzakuuzani ngati kapitawo uja kuti si uwu uli chilili.

Koma chonde, ndagwira mwendo, nkhani imeneyi isasanduke chifukwa chotithamangitsira. Ndikudziwa mmene zimathera, kalata ngati ino ikafika pa tebulo mawa kumabwera galimoto kudzalanda ziwaya ndi ma kompulesa ati tikuteteza chilengedwe. Ife a pansi pa mitengo ndi amene tingakhale alonda ake osalipidwa, chifukwa mtengo ukafa geni yathu yafanso, ndani angadikire tayala padzuwa la mu Novembala? Tiitaneni kudzera kwa ma tcheyamani athu, mutiuze kuti magalimoto aziima apa, benchi ikhoza kukhala mkati chifukwa munthu wokhala pansi salemera ngati lole, moto usayatsidwe patsinde, oyilo azithiridwa m'chigubu. Anthu akamva chifukwa chake amamvera, a kabaza omwe anandiseka aja pano ndi amene amakalipira madalaivala ofuna kulowetsa galimoto pamizu.

Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timakhala mu nyengo yodzala mitengo, timakuonani pa zithunzi mwagwada ndi kambande m'manja mwavala ma gambutsi atsopano. Nzabwino, pitirizani. Koma tikabwerera mu Ogasiti timapeza mbuzi zinadya, ina inapsa ndi moto wa osaka mbewa. Olo itapulumuka, mbawa kuti ifike pamene yafika yangayi ndiye kuti inu ndi ine tinagona kalekale. Mitengo ikuluikulu ya mtauni muno anadzala ndi anthu amene sitinawaone, kuyambira nthawi imene katswiri wa zomera Alexander Whyte ankayambitsa munda wa Botanic konkuno mu 1891. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, aphungu nawo anatsatira pambuyo pake, chimene chinatsala choti mlendo akafika nkunena kuti koma Zomba ndi yokongola ndi phiri ndi mitengoyi basi. Mu 2021 anthu analira dziko lonse pamene mitengo ya mu msewu wa Kenyatta ku Lilongwe inagwetsedwa pokuza msewu, chifukwa aliyense anamva kulira kwa makina ocheka. Yathuyi ikupita mwakachetechete, umodzi chaka chino wina chaka chamawa, ndipo tikumati yakalamba.

Ndipo si nkhani ya mthunzi wokha. Nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 ndinaima pa khonde la shopu ina kuyang'ana madzi akutsika, pansi pa mtengo wanga sipanalowe olo dontho, onse ankangothamangira mu ngalande ofiira ngati tiyi wamkaka kupita ku Likangala, kumene anzathu okhala m'munsi amawalandira m'nyumba. Ndipo mtengo umene mizu yake inawola mbali imodzi, tsiku la mphepo sufunsa kuti pansi pali ndani.

Ine kwanga ndayambapo. Kompulesa ndi jeke ndazisuntha mapazi asanu ndi awiri kupita kumsewu, ndakwirira matayala 14 kuzungulira, mnyamata wanga ndamuletsa kusesa mkatimo ngakhale amaona ngati bwana wake wapenga, ndipo ndinathira matumba asanu ndi limodzi a utuchi wosakaniza ndi manyowa a nkhuku. Makasitomala ena akudandaula kuti galimoto ikumatentha, awiri anasamukira kwa mnzanga wa kutsidya. Sabata yatha ndinafukula pang'ono ndi chala ndinapeza nyongolotsi ziwiri, zoyamba kuziona pamalopo chibwerereni. Koma chitsulo chija chikulowabe chala chimodzi ndi theka basi, pansipo mpamene pakufunika mpweya uja, ndipo imeneyo si ntchito ya kompulesa yanga.

Mukafuna kudzaona nokha simusowa, mukangoona mbawa youma kunsonga yozunguliridwa ndi matayala opaka laimu ndi pomwepo. Chitsulo ndi chitini ndasunga. Galimoto muimike kunja kwa matayalawo.

Ine wanu,
Wamatayala wa pansi pa mbawa, Zomba